Amayi awasinthira jakisoni wa nyamakazi: kodi biosimilar ndi mankhwala enieni?

FUNSO

Amayi anga ali ndi zaka 61 ndipo akhala akudwala nyamakazi yotupitsa mfundo kwa zaka zisanu ndi zitatu. Kwa zaka zitatu zapitazi akhala akubayitsa Humira milungu iwiri iliyonse, ndipo amene ndimawabaya ndine. Asanayambe jakisoniyu sankatha ngakhale kumanga mabatani a malaya, koma pano amadzichitira zinthu okha. Mwezi wathawu kuchipatala anatiuza kuti kuyambira tsopano azilandira mankhwala a dzina lina, akuti ndi biosimilar, ndipo anatchulanso kuti ndi otsika mtengo. Mawu amenewo ndi amene andisowetsa tulo. Kodi si mankhwala achinyengo kapena osungunula? Ndawabaya kale kawiri, ndipo akuti jakisoni watsopanoyu akuwawa kwambiri polowa, komanso akuona ngati zala zayambanso kuuma m'mawa. Kodi ndikawaumirize madokotala kuti atibwezere akale aja?

Mwana wawo wamkazi

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanachite kanthu. Paja safunsa anadya phula, ndipo pa mankhwala ngati awa phula lake limakhala kusiya jakisoni mwakachetechete, n'kudzaonekera kuchipatala patatha miyezi itatu mfundo zitatupa kale.

Tengani katoni yakale ndi yatsopanoyo, muziike pamodzi. Pansi pa dzina lalikulu la malonda mupeza dzina lina lolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono, lofanana pa makatoni onse awiri: adalimumab. Limenelo ndiye dzina la mankhwala amene akuchiza amayi anu. Humira ndi dzina limene kampani ya AbbVie imagulitsira adalimumab wake, ndipo makampani ena amene tsopano akupanga adalimumab ali ndi mayina awo. Adalimumab wa makampani enawa ndi amene amatchedwa biosimilar. Biosimilar yovomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala si yachinyengo, si yosungunula, ndipo mlingo wa mankhwala mu jakisoni umodzi ndi womwewo, mamiligalamu 40 kwa odwala nyamakazi ambiri.

Koma ndikangoti "ndi omwewo" n'kusiyira pomwepo ndikhala ndakubisirani kanthu, ndipo tsiku lina mudzawerenga penapake kuti biosimilar ndi "yofanana kwambiri koma osati ndendende", mantha n'kubwereranso. Ndi bwino mumve kwa ine chimene mawuwo akutanthauza.

Mankhwala ambiri amene timawadziwa, monga paracetamol, ndi tinthu tating'ono kwambiri. Kanthu kamodzi ka paracetamol kali ndi maatomu 20 okha. Fakitale iliyonse yodziwa ntchito yake ikhoza kusakaniza makemikolo n'kutulutsa chinthu chofanana ndendende ndi cha fakitale ina, monga momwe amadulira kiyi wachiwiri poonera woyamba. Amenewa ndi amene timawatcha ma generic. Adalimumab ndi nkhani ina. Iye ndi puloteni wamkulu wa maatomu pafupifupi 20,000, wopindikapindika mwanjira yakeyake, wa mtundu umodzi ndi asilikali amene thupi lathu limapanga polimbana ndi matenda. Palibe fakitale imene ingamulumikize ndi makemikolo. Amachita kumuweta. Akatswiri amatenga maselo amoyo, n'kuwaika jini yokhala ndi malangizo opangira puloteniyo, kenako n'kuwalera m'matanki akuluakulu achitsulo, kumawadyetsa ndi kumawasungira kutentha koyenera kwa milungu ingapo. Maselowo ndi amene amatulutsa mankhwala, ndipo ntchito yotsala ndi yosefa ndi kuyeretsa.

Chinthu chopangidwa ndi zamoyo sichituluka chimodzimodzi nthawi zonse. Maselo amapachika timashuga tina pa puloteniyo, ndipo kapachikidwe kake kamasiyana pang'ono malinga ndi chakudya chimene alandira, mpweya, ngakhale kukula kwa thanki. Apa ndi pamene pali mfundo imene odwala ambiri sauzidwa: Humira amene amayi anu anabayitsa chaka choyamba sanali wofanana ndendende ndi amene anabayitsa chaka chachitatu. Gulu lililonse la mankhwala lotuluka m'fakitale limasiyana pang'ono ndi linzake. Kuwonjezera apo, makampani amasintha kapangidwe m'kupita kwa zaka, amamanga mafakitale atsopano, amasintha zosakaniza, ndipo nthawi iliyonse amayenera kusonyeza mabungwe oona za mankhwala kuti kusinthako sikunakhudze mphamvu kapena chitetezo cha mankhwalawo. Choncho amayi anu akhala akulandira mankhwala "ofanana kwambiri koma osati ndendende" kwa zaka zitatu zonsezi osadziwa, ndipo zala zawo zinawongoka. Chimene amafuna kwa wopanga biosimilar n'chakuti kusiyana kwa mankhwala ake ndi oyambawo kukhale kochepa mwanjira yomweyo, kopanda tanthauzo lililonse pa thupi la wodwala. Ndandanda ya ma amino acid, omwe ndi njerwa zomangira puloteni, imayenera kukhala yomweyo popanda kusintha ngakhale imodzi.

Kuti atsimikize zimenezi, ntchito yaikulu imachitikira mu labotale. Kampani imagula magulu ambiri a mankhwala oyambawo kwa zaka zingapo, n'kuwayeza m'njira zambirimbiri: kapindidwe ka puloteni, timashuga tija, zosafunika zotsalira, ndiponso mphamvu yogwira chinthu chimene mankhwalawo anapangidwira. Kwa adalimumab chinthucho ndi TNF, puloteni wa m'thupi amene amakoleza kutupa m'mfundo. Kenako amayeza mwa anthu kuti aone ngati mankhwalawo akulowa ndi kutuluka m'magazi mofanana ndi oyambawo. Ma biosimilar a adalimumab anayesedwanso mwa odwala mazana angapo, ena a nyamakazi, ena a matenda a khungu a psoriasis, theka kulandira oyamba, theka kulandira atsopano, popanda wodwala kapena dokotala kudziwa amene akulandira ati. Ena amadabwa kuti bwanji sayesa pa matenda onse amene mankhwala oyambawo amachiza. Chifukwa chake n'chakuti funso lakuti "kodi kutseka TNF kumathandiza pa matenda awa?" linayankhidwa kale ndi mankhwala oyamba. Funso lotsala ndi lakuti "kodi uyu ndi adalimumab weniweni?", ndipo makina a mu labotale amaona kusiyana kwakung'ono kumene kafukufuku wa odwala ngakhale chikwi sangakuone.

Ma biosimilar si achilendonso. Bungwe la EMA, loona za mankhwala m'mayiko a European Union, linavomereza biosimilar yoyamba mu 2006, mankhwala othandiza ana kukula otchedwa Omnitrope. Mu 2013 linavomereza biosimilar ya infliximab yopangidwa ndi kampani ya Celltrion ya ku South Korea, ndipo infliximab ndi mbale wake wa adalimumab chifukwa nayenso amatseka TNF. Ku United States anachedwerapo, yoyamba inali Zarxio mu 2015. Ma biosimilar a adalimumab anayamba kugulitsidwa ku Europe mu October 2018, ndipo ku United States mu January 2023. Bungwe la WHO nalo linatulutsa malangizo oyezera mankhwala otere mu 2009, ndipo mu December 2019 linaika biosimilar yoyamba pa mndandanda wa mankhwala amene lawayeza n'kuwakhulupirira, trastuzumab wa khansa ya m'mawere.

Funso lanu lenileni, komabe, ndi la kusintha munthu amene akupeza bwino. Pamenepa madokotala nawonso poyamba ankakayika, ndipo sindiwadzudzula. Boma la Norway linalipira kafukufuku wotchedwa NOR-SWITCH kuti nkhaniyi itheretu. Anatenga odwala 482 amene ankapeza bwino pa infliximab woyamba, a nyamakazi, a matenda otupitsa matumbo ndi a psoriasis. Theka anapitiriza akale, theka anawasinthira biosimilar, onse osadziwa. Atawatsata kwa milungu 52, matenda anakula mwa anthu 26 pa 100 alionse amene anapitiriza akale, ndi mwa anthu 30 pa 100 alionse amene anasinthidwa, kusiyana kumene kunali mkati mwa malire amene ofufuzawo anaikiratu. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2017 m'magazini ya The Lancet. Mu September 2022, EMA pamodzi ndi akuluakulu a mabungwe a mankhwala a mayiko a ku Europe analengeza kuti biosimilar yovomerezedwa kumeneko ikhoza kulowa m'malo mwa mankhwala oyamba, kapena m'malo mwa biosimilar inzake.

Taonaninso nambala ija ya 26. Munthu mmodzi mwa anayi alionse amene sanasinthidwe kalikonse anadwalika m'chaka chimenecho. Nyamakazi ndi matenda oyenda ngati mafunde, imagona n'kudzuka. Ikadzuka pa mwezi wamba timati yadzuka. Ikadzuka mwezi umene katoni yasintha mtundu, mlandu wonse umagwera katoni.

Izi sizikutanthauza kuti amayi anu akunama kapena akudzinamiza. Tiyeni titenge madandaulo awo awiriwo padera, chifukwa ali ndi magwero osiyana.

Kuwawa kwa jakisoni polowa ndikukukhulupirira kotheratu, ndipo mwina ndikudziwa gwero lake. Puloteni ndi yemweyo, koma madzi amene amamusungiramo saumirizidwa kukhala ofanana. Adalimumab wina amasungidwa m'madzi okhala ndi citrate, mchere wina woteteza mankhwala kuti asawonongeke, ndipo citrate amaluma pansi pa khungu. Humira weniweniyo poyamba anali ndi citrate ndipo odwala ankadandaula chimodzimodzi, mpaka eni ake anamuchotsa n'kuchepetsanso madziwo kuchoka pa mamililita 0.8 kufika pa 0.4. Ma biosimilar ena ali ndi citrate, ena alibe. Ena ndi a 0.8, ena a 0.4. Ngati amayi anu anazolowera wa madzi ochepa wopanda citrate ndiye pano alandira wa madzi ambiri wokhala naye, kuluma kumene akumva n'kwenikweni. Werengani pa kapepala ka m'katoni pamene alemba zosakaniza. Mukapeza mawu akuti citrate kapena citric acid, funsani kuchipatala ngati ali ndi mtundu wina wopanda. Kumeneko si kukana biosimilar, ndi kupempha yoyenera khungu la amayi anu. Poyembekezera, tulutsani jakisoni mufiriji mphindi 15 mpaka 30 musanabaye kuti kuzizira kuchoke pakokha, osamutenthetsa ndi madzi kapena dzuwa. Mukapukuta khungu ndi spiriti dikirani paume kaye, chifukwa spiriti wolowa ndi singano nayenso amawawa. Muzisinthasintha pobaya, ntchafu iyi, ntchafu inayo, pamimba kutali ndi mchombo.

Kuuma kwa zala ndi kumene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Chinthu choyamba chimene ndimakayikira munthu akasinthidwa mankhwala n'kuyamba kudandaula si mankhwalawo, koma chobayira chake. Zobayira zooneka ngati cholembera sizigwira ntchito mofanana. China umadina batani, china chilibe batani, umangochikanikiza pakhungu. China chimalira kamodzi, china kawiri, ndipo kulira koyamba kumatanthauza kuti mankhwala ayamba kulowa, osati atha. Dzanja limene lazolowera chobayira chimodzi kwa zaka zitatu limachita zinthu lokha mutu usanaganize. Ndaonapo osamalira odwala odziwa bwino ntchito yawo akuzula chobayira msanga, theka la mankhwala n'kutsikira pantchafu, iwo n'kumayesa kuti ndi kadontho wamba. Dzifunseni moona mtima: kodi nditazula panali ponyowa? Kodi kawindo ka chobayira kanadzaza mtundu wake wonse? Ngati wina sanakuphunzitseni chobayira chatsopanochi, limenelo ndi vuto la amene anakupatsani, osati lanu. Pitani nacho kwa anamwino kapena kwa wopereka mankhwala, mubaye jakisoni wotsatira iwo akuona.

Chachiwiri ndi mantha. Madokotala ali ndi dzina la zimenezi, nocebo: munthu akayembekezera kuti mankhwala amupweteka kapena sagwira ntchito, thupi limamvadi ululu wochuluka. Ofufuza anaona kuti odwala akasinthidwa osadziwa, osiya mankhwala amakhala ochepa ndiponso ofanana mbali zonse ziwiri, koma akasinthidwa akudziwa, osiya amachuluka, ndipo ambiri mwa iwo amadandaula za kutopa ndi kuphwanya kwa thupi pomwe magazi awo ndi mfundo zawo sizikusonyeza kutupa kwatsopano. Ululuwo si wongopeka ayi, umamveka ndithu. Ndinene mwaulemu, Mayi, kuti kholo limawerenga nkhope ya mwana wake. Ngati mumatulutsa katoniyo mufiriji nkhope ili gwaa, n'kumawafunsa m'mawa uliwonse ngati zala zauma, amayi anu ayamba kumvetsera zala zawo kuposa kale. Ndimadandaulanso ndi ife a zachipatala pamenepa. Kuuza wodwala kuti "awa ndi otsika mtengo" osafotokoza china chilichonse ndi kumubzala mantha ndi manja athu.

Chachitatu, n'kutheka kuti nyamakaziyo yadzukadi, kaya mwa iyo yokha, kaya chifukwa thupi layamba kupanga asilikali olimbana ndi adalimumab. Zimenezi zimachitika kwa odwala ena m'kupita kwa nthawi, pa mankhwala oyamba ndi pa biosimilar pomwe, ndipo asilikali amene amagwira mtundu umodzi amagwiranso unzakewo. Ndiye chifukwa chake munthu amene Humira wasiya kumuthandiza sapindula pomusinthira biosimilar ya adalimumab, ndipo mbali inayonso n'chimodzimodzi. Ngati amayi anu amamwanso mankhwala ena a nyamakazi otchedwa methotrexate, asasiye, chifukwa amathandiza kuti asilikali amenewa asapangike.

Njira yosiyanitsira zitatuzi ilipo. Kwa milungu iwiri kapena itatu, lembani m'kope kuti kuuma kwa m'mawa kukutenga mphindi zingati, ndi mfundo ziti zimene zatupa zooneka ndi maso, ndi zinthu ziti zimene ankachita mwezi watha zomwe pano zikuwakanika. Mukapita nazo kwa dokotala, iye adzagwira mfundozo n'kuziwerenga, ndi kuyeza magazi a CRP kapena ESR osonyeza kutupa. M'zipatala zina amatha kuyezanso kuchuluka kwa adalimumab m'magazi. Ngati kuuma kukupitirira ola limodzi tsiku ndi tsiku kapena mfundo zatupa zoonekeratu, musadikire kuti kope lidzaze.

Ndiye kodi mukaumirize kuti abwezere akale? Maganizo anga ndi akuti ayi, osati pano. Majakisoni awiri ndi ochepa kuti tiweruzirepo, makamaka tisanatsimikize kuti onse analowa bwino. Chimene muyenera kuumirira ndi kuonedwa msanga, kuphunzitsidwa chobayira, ndi kufunsa za citrate. Dokotala akapeza kuti matenda akuladi ndipo palibe chifukwa china, kubwerera ku akale kapena kupita ku mtundu wina ndi zinthu zimene zimachitika, ndipo mudzakhala ndi umboni m'manja m'malo mwa nkhawa chabe.

Pali ngozi imodzi imene imandiopsa kuposa zonsezi, ndipo imabwera chifukwa cha mayina. Ngati mufiriji mwatsala Humira, musamubaye pamodzi ndi watsopanoyo poganiza kuti ndi mankhwala awiri othandizana, kapena kubaya wakale pakati pa milungu "kuti awonjezere mphamvu". Ndi mankhwala amodzi, ndipo kutero ndi kuwirikiza mlingo wa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi. Funsani kuchipatala chochita ndi otsalawo. Aliyense wothandiza kusamalira amayi adziwenso zimenezi, ndipo mukapita kwa dokotala wina muzitchula mayina onse awiri, la malonda ndi lakuti adalimumab.

Popeza puloteni ndi yemweyo, machenjezo onse amene munapatsidwa zaka zitatu zapitazo akadalipo, sanachepe ndipo sanachuluke. TNF amathandiza thupi kutsekera tizilombo ta chifuwa chachikulu, choncho chifuwa chosatha, kutuluka thukuta usiku, kuwonda kapena kutentha thupi kosadziwika bwino ndi zofunika kuchipatala mwamsanga. Amayi akatentha thupi kapena akakhala ndi chilonda cha mafinya pa tsiku la jakisoni, imbani kaye musanabaye. Kutupa nkhope kapena milomo, zidzolo thupi lonse, kapena kubanika atangobayidwa ndi zothamangira nazo nthawi yomweyo. Kasungidwe ndi ka pakati pa madigiri 2 ndi 8, m'katoni yake kuti kuwala kusalowe, kutali ndi khoma lakumbuyo la firiji kumene zinthu zimaundana. Jakisoni amene waundana watha ntchito ngakhale atasungunuka n'kuoneka bwinobwino. Masiku amene angakhale kunja kwa firiji amasiyana malinga ndi mtundu, ndiye musadalire zimene munaloweza za akale, werengani kapepala katsopano. Ndipo m'kope lija muzilembamo tsiku lobaya, dzina la malonda ndi nambala ya gulu yolembedwa pambali pa katoni, kapena ingojambulani katoniyo ndi foni. Chitachitika chilichonse, nambala imeneyo ndi imene imathandiza kulondola kumene mankhwalawo anachokera.

Za mtengo, kutsika kwake kuli ndi chifukwa chomveka. Kampani yoyamba imalipira zaka zambiri zofufuza, kuphatikizapo mankhwala ambiri amene amalephera panjira, ndipo lamulo limaipatsa nthawi yogulitsa yokha, kawirikawiri zaka 20 kuchokera pamene inalembetsa luso lake. Nthawiyo ikatha ena amaloledwa kulowa. Iwo safunika kutulukiranso kuti TNF ndi amene amatupitsa mfundo, kapena kufufuzanso mlingo woyenera, ndipo akachuluka pamsika amapikisana. Chimene chatsika ndi ndalama zofufuzira ndi phindu la wogulitsa yekha, osati ukhondo wa fakitale. Ndalama zopulumutsidwazo ndi zimene zimachititsa kuti wodwala wina amene wakhala akudikira ayambe kulandira nawo.

Kukayika kwanu kuli ndi malo ake enieni, ndipo sindikufuna mukutaye konse. Padziko pali mankhwala okopera amene sanayerekezedwe mokwanira ndi oyambawo koma amagulitsidwa ndi dzina lakuti biosimilar, ndiponso pali achinyengo enieni, makamaka kwa ogulitsa a pa intaneti opanda chilolezo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: katoni yokongola sinena kanthu za zimene zili m'kati, kapena za maola amene yakhala padzuwa paulendo. Choncho funso lofunsa wopereka mankhwala si lakuti "kodi ndi oyamba kapena okopera?" koma lakuti "kodi analembetsedwa ndi bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, ndipo kodi anavomerezedwanso ndi mabungwe monga EMA kapena FDA ya ku United States?" Wodziwa ntchito yake ayankha funso limeneli popanda kukhumudwa. Mankhwala a amayi anu achokera kuchipatala chimene chakhala chikuwasamalira zaka zonsezi, ndiye ndikuyembekezera kuti yankho likhala lokukhazikani mtima pansi, komabe kafunseni, ndipo amayi akhale pomwepo kuti adzimvere okha.